Mpira wa madala ndi mnofu wa kumbuyo kwa ntchafu

Lamlungu lina m'mwezi wa July, pa bwalo la fumbi ku Chilenje mu Lusaka, madala a m'deramo ankamenya mpira wawo wa sabata ndi sabata. Kunali kozizira, kamphepo kaja ka m'mawa kakuulutsa fumbi ndi mapulasitiki. Osewera ambiri anafika mochedwa. Kuvala nsapato, kudumpha kawiri katatu, kuwerama kugwira zala za kumapazi, basi mpira wayamba.

Chigawo choyamba chili pafupi kutha, wapakati anaponya mpira wautali kumbali ya kumanja. Bambo wina wazaka za m'ma 40, amene aliyense pabwalopo amamudziwa kuti paunyamata wake ankathamanga moopsa, anaulondola. Mamita 15 oyamba anayenda bwino. Kenako tinangoona akudumphira mwendo umodzi, dzanja lili kumbuyo kwa ntchafu, akucheuka mwaukali kufuna kuona amene wawagenda. Kumbuyo kwawo kunalibe munthu.

Zimene zinachitika mu mphindi 10 zotsatira ndizo zikukana kuchoka m'mutu mwanga. Anzawo anathamangirako. "Bamudala, gonani chagada, ni muscle pull chabe iyi." Mmodzi anakweza mwendo uja m'mwamba ali wouwongola, n'kumakankhira zala za phazi kunkhope. Bamboyo anakuwa. "Pirirani, akulu, ikumasuka." Wina anabwera ndi mafuta otentha aja a m'kachubu, n'kuyamba kukumba ndi zala zazikulu pamalo penipeni popweteka. Wachitatu analangiza kuti akafika kunyumba amayi akawathowe ndi madzi otentha. Mpira utatha, anawagulira botolo la mowa kuti ululu uchepe.

Onsewa anachita mwachikondi, ndipo palibe amene ndingamudzudzule. Koma zinthu zinayi zonsezi, kukoka, kusisita, kuthowa ndi mowa, zinawonjezera magazi amene ankatayika mkati mwa ntchafu imeneyo. Kuchokera tsikulo sindikhalanso chete m'mbali mwa bwalo munthu akagwa chotero, ndipo ndalemba izi kuti magulu athu a ku Matero, Chawama, Kalingalinga ndi kwina adziwe chimene chimang'ambika, chifukwa chake, ndi chochita.

Pamene panang'ambika

Thupi lili ndi minofu yoposa 600 yomamatira ku mafupa, kupatula mnofu wa mtima ndi ija ya m'matumbo ndi m'mitsempha ya magazi imene imagwira ntchito osatifunsa. Pa mpira, imene imavutitsa kwambiri ili m'magulu anayi: ya kutsogolo kwa ntchafu, ya kumbuyo kwa ntchafu, ya m'mphechepeche ndi ya pakatumba.

Ya kumbuyo kwa ntchafu, imene akochi amaitcha hamstring, ndi itatu. Mutha kuipeza nokha pomwe mwakhalapo. Khalani pa benchi lolimba, lowetsani dzanja kunsi kwa thako, mumva fupa losongoka limene mumakhalira. Pamenepo ndi pamene imayambira. Tsopano pindani bondo, kanikizani chidendene pansi ngati mukuchikokera kumbuyo, mugwire kuseri kwa bondo. Mumva mitsempha yolimba mbali ziwiri. Wa kunja ndi wa biceps femoris. Wa mkati, woonda ndi woonekera, ndi wa semitendinosus, ndipo kunsi kwake kwabisala semimembranosus. Mitsempha yoyera yolimbayi, imene madokotala amaitcha tendon, ndiyo imalumikiza mnofu ku fupa.

Chofunika kuchigwira n'chakuti minofu imeneyi imadutsa malo awiri olumikizira mafupa. Kumtunda imakankhira ntchafu kumbuyo, kumunsi imapinda bondo. Choncho munthu akakweza ntchafu kutsogolo n'kuwongolanso bondo nthawi yomweyo, mnofu umakokedwa mbali zonse ziwiri. Mwa itatuyi, umene umang'ambika kawirikawiri pothamanga ndi mbali yaitali ya biceps femoris, makamaka pamene mnofu wofiira ukukumana ndi tendon.

Mnofu umangodziwa kukoka

Mnofu sukankha. Umangokoka basi. Bondo limawongoka chifukwa minofu inayi ya kutsogolo yakoka, limapindika chifukwa itatu ya kumbuyo yakoka. Mkati mwa mnofu muli timaulusi tambirimbiri tomangidwa m'mitolo, ndipo m'kaulusi kalikonse muli mapuloteni awiri ogona mosinthanasinthana, actin ndi myosin. Uthenga ukafika kuchokera ku ubongo kudzera m'minyewa, kashiamu amatuluka m'nkhokwe zake mkati mwa kaulusi. Timitu ta myosin timagwira actin, timakoka, timasiya, timagwiranso patsogolo. Mapuloteniwa safupika, amangolowana. Zimenezi zinafotokozedwa mu 1954 ndi magulu awiri a asayansi, la Andrew Huxley ndi Rolf Niedergerke, ndi la Hugh Huxley ndi Jean Hanson.

Kukokako kumachitika m'njira zitatu. Mnofu ukhoza kukoka n'kufupika, monga ponyamula chidebe cha madzi kuchoka pansi. Ukhoza kukoka osasuntha, monga pochigwira chidebecho m'malere. Ukhozanso kukoka uku ukutalika, monga pochitsitsa pang'onopang'ono kuti madzi asatayike. Njira yachitatuyi ndiyo mutu wa nkhani yonse. Apa mnofu ukugwira ntchito ya mabuleki, ndipo mphamvu imene imadutsa m'kaulusi kalikonse imakhala yaikulu kuposa m'njira ziwiri zija.

Taganizirani mwendo wa munthu wothamanga ndi liwiro lake lonse. Phazi likachoka pansi, ntchafu imaponyedwa kutsogolo, bondo lili chipindire. Kenako mwendo wakumunsi umaponyeka kutsogolo mwamphamvu, bondo likuwongoka. Phazi lisanaponde, china chake chiyenera kuimitsa mwendowo n'kuubweza pansi. Ntchito imeneyo ndi ya hamstring, ndipo imaigwira ili yotalika kwambiri, m'kanthawi kosafika ngakhale theka la sekondi. Ikachedwa pang'ono, kapena ikakhala yofooka pamene yatalika, timaulusi timaduka. N'chifukwa chake bambo uja anavulala popanda womukhudza, phazi lili m'malere.

Vutoli si la madala okha. Usain Bolt anathera ntchito yake yothamanga atagona pansi ku London mu 2017, hamstring itamugwira pa mpikisano wopatsirana kamtengo wa 4x100m. Kafukufuku wa UEFA amene amalondola makalabu akuluakulu a ku Europe anapeza kuti m'zaka za 2001 mpaka 2022, kuvulala kwa hamstring kunakwera kuchoka pa 12 peresenti kufika pa 24 peresenti ya kuvulala konse. Awo ndi anthu okhala ndi madokotala ndi majimu. Nanga ife amene zokonzekera zathu ndi kuzungulira bwalo kasanu ndi kukwera masitepe? Zonsezo zimalimbitsa minofu yokankhira thupi patsogolo. Mabuleki palibe amene amawalimbitsa.

Chifukwa chake madala ndiwo amagwa

Zinthu ziwiri zimene zimalosera bwino kuti hamstring ing'ambika ndi msinkhu ndi kuvulala kwakale. Munthu akapyola zaka 30 osachita zolimbitsa thupi, minofu imachepa ndi 3 mpaka 8 peresenti pa zaka 10 zilizonse. Ndipo sichepa mofanana. Timaulusi ta mnofu tili mitundu iwiri ikuluikulu: tochedwa koma tosatopa msanga, ndi tachangu tamphamvu koma totopa msanga. Timene timayamba kutha ndi tachangu. Kuyenda wapansi kuchoka ku Kabwata kukafika m'tauni kumasunga tochedwa tija, koma tachangu sitidzuka pokhapokha munthu athamange kwambiri, adumphe kapena anyamule cholemera. Munthu amakhala pampando wa ofesi kapena pa chiwongolero cha minibasi masiku 6, hamstring ili yofupika, ndiye Lamlungu ubongo ukukumbukirabe liwiro la zaka 22 n'kulamula mwendo umene sunathamangepo mwezi wathunthu.

Kutopa kumawonjezera. Mafuta enieni a mnofu ndi ATP, ndipo imene imakhala yosungidwa imatha m'masekondi 2 kapena 3. Pambuyo pake mafuta ena osungidwa m'mnofu, otchedwa creatine phosphate, amaibwezeretsa mwachangu kwa masekondi pafupifupi 10. Kupyola apo mnofu umaphwanya shuga wosungidwa, glycogen, mofulumira osadikira mpweya, ndipo m'mnofu mumachuluka asidi ndi zotsalira zina zimene zimafooketsa kukoka. Ndiwo moto umene othamanga 400m amaumva m'mamita 100 omaliza. Amene anaonera Muzala Samukonga ku Birmingham mu 2022 akukumbukira mmene ankagwera pansi atadutsa mzere, asanatenge golide wa Commonwealth Games. Pa Olympics ya ku Paris mu 2024 anatenga mendulo ya bronze ndi masekondi 43.74. Iye thupi lake analiphunzitsa kupirira moto umenewo. Wosewera wa Lamlungu akathamanga kachisanu ndi chimodzi osapuma mokwanira, uthenga wa ku mabuleki umayamba kuchedwa. N'chifukwa chake kuvulala kotereku kumachuluka chakumapeto kwa chigawo chilichonse.

Onjezanipo kuzizira kwa m'mawa wa June ndi July kuno ku Lusaka, kumene tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280. Mnofu wozizira umakoka mochedwa ndipo umakhala wouma. Onjezaninso mowa wa Loweruka usiku ndi tulo tochepa.

Kukokana kapena kung'ambika?

Anthu a pabwalo paja analakwitsa chifukwa anasokoneza zinthu ziwiri zimene tonse timazitchula dzina limodzi.

Kukokana kumabwera mnofu utatopa, kawirikawiri mpira uli pafupi kutha kapena m'kutentha kwa October. Mnofu umauma gwa, umaoneka ukugwira wokha, ndipo mukauwongola pang'onopang'ono umamasuka m'masekondi ochepa kapena mphindi imodzi kapena ziwiri. Apa kukoka mwendo ndiko mankhwala.

Kung'ambika kumabwera mwadzidzidzi pakati pa liwiro. Munthu amatha kuloza ndi chala chimodzi pamene pakupweteka, nthawi zina amamva "thwa" mkati, ndipo mukakoka mwendo ululu umakula m'malo mochepa. Munthu akakuwa pamene mwayamba kukweza mwendo, siyani pomwepo. Mugonekeni chafufumimba, mumuuze apinde bondo uku inu mukuletsa pang'ono ndi dzanja pa chidendene. Ngati akumva ululu pamalo omwewo ndipo mwendo ulibe mphamvu poyerekeza ndi unzake, wang'ambika. Mpira wa tsikulo watha, ngakhale iye akakamire.

Maola 72 oyamba

Timaulusi tikaduka, timitsempha ta magazi timadukanso. Magazi amadzaza pampata, amaundana, ndipo pa magazi oundanawo ndi pamene thupi limayamba kumanga. Masiku atatu oyamba ntchito yanu ndi kusasokoneza zimenezo.

Mangani ntchafu ndi bandeji yotanuka pabwalo pomwepo, kuyambira pamwamba pa bondo kukwera m'mwamba, mzere uliwonse ukuphimba theka la unzake. Ikhale yogwira koma chala chizitha kulowa. Phazi likayamba dzanzi, kuzizira kapena kusintha mtundu, masulani. Timu iliyonse imene imasonkha ndalama ya mpira ndi ya wosewezetsa iyenera kukhala ndi mabandeji awiri m'chikwama.

Ayisi ndi wochepetsa ululu, sachiritsa. Mukulungeni m'kansalu konyowa, muike mphindi 15 mpaka 20, maola 2 kapena 3 aliwonse pa tsiku loyamba ndi lachiwiri. Osamuika pakhungu mwachindunji. Magetsi akathima, ma ice block aja amene amayi amagulitsa pageti amagwira ntchito yomweyo. Pogona, mwendo ukhale pa pilo. Ngati munthu akutsimphina kwambiri, ndodo zoyendera kwa masiku ochepa si manyazi.

Kusisita, kuthowa, mafuta otentha ndi mowa zidikire mpaka maola 72 atadutsa. Kutentha ndi mowa zimatsegula mitsempha ya magazi, zala zimaphwanya magazi amene ayamba kuundana. Kutema mphini pamalo otupa sikutulutsa magazi ali mkati mwa mnofu, kumangotsegulira tizilombo khomo. Pa ululu, panado ndi wokwanira. Brufen ndi diclofenac anthu amangomeza ngati maswiti, koma kutupa kwa masiku oyamba ndi gawo la kuchira, ndipo mankhwalawa amavutitsa m'mimba ndi impso, makamaka kwa wodwala BP kapena shuga. Musawamwe masiku ambiri popanda kufunsa wachipatala.

Pakapita masiku 2 kapena 3 khungu limatha kuda kuseri kwa bondo, kutali ndi pamene panang'ambika. Musadabwe, ndi magazi amene atsetsereka.

Chenjezo la kusisita likukhudzanso ntchafu ya kutsogolo ikagundidwa ndi bondo la mnzanu. Kukanya malo otero mwamphamvu kungachititse kuti mkati mwa mnofu mumere kafupa, vuto lotchedwa myositis ossificans, ndipo bondo limakana kupindika kwa miyezi.

Pali nthawi zimene simuyenera kudikira kunyumba. Ngati munthu akulephera kuponda, ngati pali dzenje lomveka ndi dzanja m'mnofu, ngati ululu uli pafupa lokhalira ndipo kukhala pampando n'kosatheka, kapena ngati phazi lachita dzanzi, pitani ku kiliniki kuti akutumizeni ku chipatala chachikulu monga UTH kapena Levy Mwanawasa. Tendon ikazuka pafupa nthawi zina imafuna opaleshoni, ndipo opaleshoniyo imayenda bwino ikachitika m'masabata oyambirira. Kwa ana a zaka 13 mpaka 17 samalani kawiri: kwa iwo fupa lokhalira silinakhwime, ndiye mnofu umatha kuzula kachidutswa ka fupa. Mwana wotero amafunika X-ray, osati kuuzidwa kuti alimbe mtima.

Ululu umatha mnofu usanachire

Bambo a ku Chilenje aja anabwerera pabwalo patatha masabata atatu. Ankayenda bwino, ankakwera masitepe bwino, ankathamanga pang'onopang'ono osamva kanthu. Mpira woyamba wautali umene anaulondola, pamalo pomwe paja panang'ambikanso, ulendo uno kwambiri.

Zimenezi zimachitika kwa ambiri, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Pampata pamadzaza chipsera, ndipo chipsera chatsopano n'chofooka komanso chosatanuka. Ubongo nawo umachepetsa mphamvu imene umatumiza ku mnofu wovulala, makamaka mnofuwo ukakhala wotalika, ndipo chizolowezi chimenechi chimatsala ululu utatha. Kuyenda ndi kuthamanga pang'ono sikufika pamene pali vutolo. Munthu amadziona ngati wachira chifukwa sanayese mabuleki.

Kung'ambika kwakung'ono kumatenga sabata imodzi mpaka atatu, kwapakati masabata 4 mpaka 8, kuduka kwathunthu miyezi. Kukakhala pafupi ndi fupa lokhalira kapena mkati mwa tendon kumachedwa kuposa kwa pakati pa mnofu. Koma kalendala isakulamulireni. Kugona pabedi sabata yathunthu n'kolakwikanso, chifukwa chipsera chimafuna kukokedwa pang'onopang'ono kuti timaulusi tatsopano tigone molunjika.

Kuyambira tsiku lachitatu mpaka lachisanu, yambani ndi kukoka kosasuntha. Gonani chagada, bondo lopindika pang'ono, kanikizani chidendene pansi masekondi 5 mpaka 10, maulendo 5, kangapo patsiku, osafika pa ululu wobaya. Zikayenda, kwezani matako m'mwamba ndi miyendo iwiri, kenako ndi umodzi.

Pambuyo pake pamabwera zotalikitsa mnofu uli pantchito. Katswiri wofufuza wa ku Sweden, Carl Askling, anayesa njira imeneyi pa osewera mpira mu 2013: amene anaitsata anabwerera pabwalo pa masiku 28 mwa avereji, amene anatsata njira yakale pa masiku 51. Ili ndi zochita zitatu. Choyamba, gonani chagada, gwirani ntchafu ndi manja awiri italoza kumwamba, muziwongola bondo pang'onopang'ono n'kuima ululu usanayambe, magawo 3 a maulendo 12, kawiri patsiku. Chachiwiri, imani ndi mwendo wovulala, bondo lopindika pang'ono, muwerame kuchokera m'chiuno manja ali kutsogolo ndi mwendo winawo ukukwera kumbuyo, magawo 3 a maulendo 6, kudumphitsa tsiku. Chachitatu, gwirani tebulo, mwendo wovulala uli kutsogolo ndipo thupi lonse lalemera pa chidendene chake, mwendo wabwino uzitsetsereka kumbuyo pa kansalu pa simenti yosalala, pobwerera mudzikoke ndi manja, magawo 3 a maulendo 4, kamodzi pa masiku atatu.

Kuthamanga kubwerere m'masitepe: theka la liwiro, kenako 70 peresenti, kenako 90, kusiya tsiku pakati, ndipo mukwere pokhapokha dzulo lake simunadzuke ndi ululu. Musavale jezi ya mpikisano musanakwanitse izi: kukanikiza ndi chala pamalopo osamva kanthu, kupinda bondo moletsedwa ndi mphamvu yofanana ndi mwendo winawo, kuponya mwendo wowongoka m'mwamba mwachangu muli chagada popanda mantha, ndi kuthamanga liwiro lonse mamita 40 maulendo angapo pa zokonzekera ziwiri zosiyana. Pamene pali fizio, katswiri wochiritsa minofu ndi zolimbitsa thupi, monga ku zipatala zazikulu, mugwiritseni ntchito.

Pa chakudya palibe chodabwitsa. Mnofu umamangidwa ndi mapuloteni, ndipo wochita masewera amafuna magalamu 1.2 mpaka 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Kwa munthu wa makilogalamu 70 ndiwo magalamu 84 mpaka 112. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6, kapu ya nyemba zophika pafupifupi 15, theka la lita ya mkaka pafupifupi 16, ndipo soya pieces youma ndi kapenta wouma pafupifupi theka la kulemera kwake ndi mapuloteni. Zonsezi zili pa Soweto Market, simufunika zitini zodula za m'mamolo. Agaweni pa zakudya zitatu m'malo modikira nyama ya usiku. Nsima nayo musaichepetse pa tsiku loti mawa kuli mpira, chifukwa ndiyo imadzaza glycogen.

Kulimbitsa mabuleki

Chochita chimodzi chimene chili ndi umboni wamphamvu kuposa zonse chimatchedwa Nordic hamstring. Ku Denmark anachiyesa pa osewera mpira 942, zotsatira zake zinatuluka mu 2011: kuvulala kwa hamstring kunatsika ndi pafupifupi 70 peresenti, ndipo kwa amene anavulalapo kale kunatsika koposa apo. Kafukufuku wa mu 2019 wophatikiza zoyesa zambiri anapeza kuti chimachepetsa kuvulalaku ndi theka. Sichifuna jimu. Chimafuna anthu awiri ndi chitenje chopinda.

Gwadani pa chitenjecho, mawondo motalikirana ngati chiuno. Mnzanu agwade kumbuyo, agwire akakolo anu ndi manja awiri n'kuwakanikizira pansi ndi thupi lake lonse. Kuchokera pa bondo mpaka paphewa thupi likhale mzere umodzi, matako omanga, manja okonzeka pachifuwa. Yambani kugwera kutsogolo pang'onopang'ono, mukuletsa ndi kumbuyo kwa ntchafu, masekondi 3 kapena 4 ngati mungathe. Pamene mphamvu yatha, gwirani pansi ndi manja, mudzikankhe kubwerera. Ntchito yonse ili potsika. Mnofu ukazolowera, mitolo ya timaulusi imatalika ndipo imakhala ndi mphamvu pamene yatambasuka, pomwe paja imafunika pothamanga.

Ndondomeko ya ku Denmark inali ya masabata 10. Sabata yoyamba kamodzi kokha, magawo 2 a maulendo 5. Yachiwiri kawiri, magawo 2 a maulendo 6. Yachitatu katatu, magawo 3 a maulendo 6 mpaka 8. Yachinayi katatu, magawo 3 a maulendo 8 mpaka 10. Kuyambira yachisanu mpaka ya 10 katatu pa sabata, maulendo 12, kenako 10, kenako 8. Pambuyo pake kamodzi pa sabata nyengo yonse ya mpira. Kwa madala ine ndimalangiza kukwera mochedwa kuposa apa, kukhala masabata awiri kapena atatu pa sitepe iliyonse, chifukwa ndondomeko yochepa imene munthu akuitsata imaposa yaikulu imene waisiya.

Zolakwika n'zodziwika. Ambiri amapinda m'chiuno matako n'kutsalira kumbuyo, apo katundu wachoka pa hamstring. Ena amangodzigwetsa ngati thumba. Wogwira akagwira pakatumba m'malo mwa akakolo, kapena akagwira mwaulesi, mapazi amanyamuka. Pa simenti kapena pa miyala popanda choyala, mawondo ndiwo amalira. Ndipo amene angovulala kumene asayambe Nordic mpaka zochita za Askling zija zitayenda popanda ululu.

Minofu ya m'mphechepeche ili ndi chake chofanana, Copenhagen adduction: mumagona chammbali mutatsamira chigongono, mnzanu wagwira mwendo wapamwamba pa bondo kapena pa kakolo, inu n'kumakweza chiuno ndi mwendo wapansi. Ku Norway chinachepetsa mavuto a m'mphechepeche ndi 41 peresenti. Atsikana athu a mpira achitenge mozama. Barbra Banda anataya mbali yotsala ya nyengo ya 2025 ku Orlando Pride chifukwa cha tendon ya mnofu wa m'mphechepeche.

Mpira usanayambe, kuwerama n'kugwira zala za kumapazi masekondi 30 sikuteteza kwenikweni. Mnofu umafuna kutenthedwa ukuyenda. Pulogalamu ya FIFA 11+, imene inatuluka mu 2006, imatenga mphindi 20: mphindi 8 zothamanga pang'onopang'ono ndi kutembenuza chiuno, mphindi 10 za mphamvu, kuima ndi mwendo umodzi ndi kudumpha, mphindi 2 zothamanga kwambiri. Pa tsiku la mpikisano amachita mbali zothamanga zokha. Wofika mochedwa ayambire pa benchi mpaka atatenthetsa thupi, ngakhale akhale mwini mpira. Ndipo pakati pa sabata, thupi litatentha, aliyense athamange mamita 30 mpaka 40 pafupi ndi liwiro lake lonse maulendo 4 mpaka 6, akupuma mphindi imodzi kapena ziwiri pakati, kuti liwiro la Lamlungu lisakhale lachilendo ku mwendo.

Pamene ambiri amasiyira Nordic ndi pa sabata yoyamba. Mawa lake kumbuyo kwa ntchafu kumawawa, mkucha wake kumawawa koposa, kutsika masitepe kumakhala nkhondo. Anthu amati ndi lactic acid, asidi amene amachuluka mnofu ukagwira ntchito kwambiri, koma imeneyo imachoka m'thupi pakatha ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono. Ululuwu ndi wa timabala ting'onoting'ono m'timaulusi ndi kutupa kumene kumatsatira, umafika pachimake pakati pa maola 24 ndi 72, umakhala miyendo yonse iwiri mofanana, ndipo umachepa munthu akayenda. Ulendo wachiwiri umakhala wochepa kwambiri chifukwa mnofu waphunzira. Wosiyana ndi umenewu ndi ululu wobaya wa mwendo umodzi pamalo amodzi, ndipo woopsa zedi ndi pamene minofu yatupa kwambiri mkodzo n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka pambuyo pa zolimbitsa thupi zopyola muyeso. Apo mnofu ukuphwanyikira m'magazi ndipo impso zili pangozi, ndi za kuchipatala tsiku lomwelo.

Choncho kwa timu yosewera Lamlungu, Nordic ichitike Lachiwiri kapena Lachitatu kumapeto kwa zokonzekera, ikafika kawiri pa sabata muwonjezere Lachinayi. Lachisanu ndi Loweruka ayi. Woyamba kumene ayambire sabata imene kulibe mpikisano.